M'mene Anthu Anadziwira Tizirombo Tobweretsa Matenda

 Lero tikamba mbiri ya zinthu zimene zinachitika kutali, zambiri ku Ulaya, koma nkhani yache ikhudza chitsime chimene mumwa ndi khola la ng'ombe zanu. Masiku ano mwana wa sukulu ali yense adziwa kunena kuti matenda ambiri amabwera ndi tizirombo tating'ono tosaoneka ndi maso, timene ena atitcha majeremusi. Nzeru imeneyi si yakale kwenikweni ai. Zaka 200 zapitazo ngakhale madotolo akuru a ku Ulaya sanali kuidziwa. Iwo anali kunena kuti matenda achokera ku mpweya woipa wa m'madambo ndi ku fungo la zinthu zoola. Dzina lakuti malaria, limene Azungu atchulira malungo, ndi mau a anthu a ku Italy otanthauza mpweya woipa. Pamene Bishopu Mackenzie anafa ndi malungo pa mathiriro a Ruo mu Januwale 1862, ndi mkazi wa David Livingstone ku Shupanga mu Epulo chaka chomwecho, anzao anadandaula za mpweya wa m'madambo a Shire ndi Zambezi. Udzudzu unali kuwaluma usiku uli wonse, koma iwo anauyesa chinthu chosautsa chabe.

Wogulitsa nsaru wa ku Delft

Munthu woyamba kuona tizirombo timeneti sanali dotolo. Anali wogulitsa nsaru wa mu mzinda wa Delft ku Holland, dzina lache Antonie van Leeuwenhoek. Ogulitsa nsaru anali kukhala ndi magalasi okuzira zinthu kuti aone ngati ulusi uli wabwino, ndipo iye anaphunzira kupanga timagalasi tache, tating'ono ngati njere ya mapira koma tamphamvu kwambiri. Mu 1674 anaika dontho la madzi a m'nyanja ina pa galasi lache, naona tinthu tamoyo tiri kusambira m'menemo. Mu 1683 anapala zoyera za m'mano mwache, naonanso tina tambirimbiri. Analembera makalata akuluakulu a nzeru a bungwe la Royal Society ku London, ndipo iwo atayesa okha anabvomereza kuti sanali kunama.

Galasi lotere ndilo limene madotolo alitcha maikulosikopu, ndipo mukapereka makhololo kapena magazi ku chipatala ndi m'menemo mmene amayang'ana. Kuchepa kwa tizirombo nkobvuta kukufotokoza. Mutandandalika 1,000 ta mtundu wa mabakiteriya pa mzera umodzi, tingafanane ndi kukula kwa njere imodzi ya mawere. Mphamvu yao iri pa kuswana. Kamodzi kamagawika pakati nkukhala tiwiri, ndipo mitundu ina ikapeza chakudya ndi kufunda imatero pa mphindi 20 ziri zonse. Kachirombo kamodzi kolowa m'ndiwo nthawi ya 6 koloko m'mawa kangathe kukhala toposa 2,000,000 pofika 1 koloko masana. Ndicho chifukwa chache ndiwo zogona ziyenera kuwiritsidwanso kufikira zitabwadamuka.

Leeuwenhoek anafa mu 1723, ndipo panapita zaka zoposa 100 anthu asanakhulupirire kuti tinthu tache tija tingaphe munthu. Anali kufunsa kuti, kanthu kochepa motero kangagwetse bwanji mwamuna wamphamvu?

Manja a madotolo

Ku Vienna kunali chipatala chachikuru cha amai, chokhala ndi zigawo ziwiri. M'chigawo china anali kugwira nchito madotolo ndi ophunzira ao, m'china azamba. Kumene kunali madotolo, pa amai 100 ali onse amai ngati 10 anali kufa ndi kutentha thupi atangochira, pamene kwa azamba sanali kukwana 4. Dotolo wina wachinyamata wa ku Hungary, Ignaz Semmelweis, anabvutika nazo mtima. Mu 1847 bwenzi lache linachekedwa chala ndi mpeni pong'amba mtembo, nilifa ndi nthenda yofanana ndi ya amai aja. Pamenepo Semmelweis anazindikira kuti madotolo anali kuchoka kong'amba mitembo nkukagwira amai ndi manja omwewo, chinthu chimene azamba sanali kuchita. Analamula kuti ali yense asambe m'manja ndi madzi a klorini asanagwire mai. Mu Epulo anafa amai 18 pa 100. Miyezi yotsatira lamulolo anali kufa ngati 2.

Mungaganize kuti anamuthokoza, koma madotolo ambiri anakwiya pomva kuti imfa iri m'manja mwao. Semmelweis anafera m'chipatala cha amisala mu 1865. Ifenso tisawaseke kwambiri, pakuti kafumbata amene amagwira khanda nkuliumitsa nsagwada amalowera pa mchombo wodulidwa ndi bango kapena lumo lakuda, m'manja mwa munthu wofuna zabwino zokhazokha.

Chitsime cha mu Broad Street

Nkhani iyi anyakwawa muimvetsetse, chifukwa ndinu muloza malo a chitsime ndi a zimbudzi. Kumapeto kwa Ogasiti 1854 kolera anabuka m'dera la Soho mu London. Pa masiku 10 okha anafa anthu oposa 500, ndipo onse ofa anakwana 616. Akuluakulu anati ndi fungo. Koma Dotolo John Snow anali ataganiza kale kuti nthenda imene iyamba ndi kutsegula m'mimba iyenera kuti ilowera pakamwa, osati m'mphuno. Anatenga maina a akufa, nayenda khomo ndi khomo kufunsa kumene anali kutunga madzi. Anapeza kuti pafupifupi onse anali kumwa pa chitsime cha mjigo cha mu mseu wa Broad Street.

Chimene chinalimbitsa mau ache ndi anthu amene sanadwale. Pafupi pomwepo panali nyumba yosungiramo amphawi 535, ndipo anafamo 5 okha. Iwo anali ndi chitsime chaochao. Panalinso fakitale yofulula mowa ya anchito oposa 70, ndipo palibe anafa, popeza sanali kumwa pa mjigowo. Tsono kutali, ku Hampstead, kumene kunalibe mliri, kunafa mai wina wamasiye. Snow atafufuza anamva kuti maiyo anali kukhala ku Soho kale, ndipo anali kukonda kukoma kwa madzi a pa Broad Street, kotero kuti ngolo inali kumtengera botolo la madziwo. Mbale wache amene anadzamchezera namwako anafanso. Fungo la ku Soho silikadafika ku Hampstead, koma madzi anafika.

Pa 7 Sepitembala Snow anakaonekera kwa akulu a deralo, ndipo m'mawa mwache anazula mkono wa mjigo. Tinene zoona: mliri unali utayamba kale kuchepa, chifukwa anthu ambiri anali atathawa, ndipo akuluwo sanakhulupirire Snow kwenikweni; pambuyo pache anabwezera mkono uja. Mbusa wina wa mpingo wa pomwepo, Henry Whitehead, anayamba kufufuza yekha kuti amtsutse, koma m'malo mwache anapeza gwero. M'nyumba ya nambala 40 munali khanda limene linadwala mliri usanayambe, ndipo mai wache anali kutaya madzi ochapira matewera m'dzenje la zonyansa la pakhomo. Atakumba anaona kuti dzenjelo linali mapazi osakwana atatu kuchokera pa chitsime, ndipo njerwa zache zinali zitaola. Madzi a pa mjigowo anali oyera mbee ndi okoma.

Snow anafa mu 1858 asanaone kachirombo ka kolera ndi maso ache. Lero tidziwa chinthu china chimene chionjezera pa nzeru yache: ambiri amene kachiromboka kawalowa sadwala konse, koma kamatuluka m'chimbudzi chao kwa masiku angapo. Chotero mlendo wooneka wamphamvu angathe kudetsa mtsinje wa mudzi wonse iye osadziwa. Kolera anafika m'Malawi mu 1973, ndipo mliri wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700. Njira yache inali yomwe ija ya ku Soho. Chimbudzi chikhale kunsi kwa chitsime, mayadi 30 kapena kupitirira, ndipo nyakwawa amene alola banja limodzi kukhala lopanda chimbudzi waika mabanja onse pa ngozi.

Mowa, msuzi ndi nkhosa

Louis Pasteur, wa ku France, anali mwana wa munthu wofufuta zikopa. Iyenso sanali dotolo, ndipo anayambira pa mowa. Ofulula a ku Lille anamdandaulira kuti mowa wao unali kusasa. Poyang'ana m'galasi anapeza kuti chimene chiwiritsa mowa ndi tinthu tamoyo totchedwa yisiti, ndipo chimene chiusasitsa ndi tinthu tamoyo ta mtundu wina. Amai ofulula masese ndi thobwa amaweta tizirombo timeneti chikhalire osatidziwa. Apa tinene kuti tizirombo tambiri tiribe mlandu. Tina timapanga chambiko, tina timaoletsa manyowa, ndipo tina timakhala m'timatuza ta ku mizu ya mtedza ndi nyemba, nkumalemeretsa nthaka. Toipa ndi towerengeka.

Nthawi imeneyo anthu ambiri anali kukhulupirira kuti tizirombo timangobadwa tokha m'zinthu zoola, monga ena aganizira kuti nankafumbwe amabadwa m'chimanga mwenimweni. Pasteur anathira msuzi m'botolo, napinda khosi la botololo kuti likhale lalitali ndi lokhota ngati la kakowa, nawiritsa msuziwo. Mpweya unali kulowa, koma pfumbi linali kutsalira pokhota paja. Msuzi unakhala wosaola miyezi ndi miyezi. Atathyola khosi, unaola masiku ochepa. Chotero zinadziwika kuti kachirombo kali konse kali ndi kholo lache, ndipo kamachita kuchokera kwina. Dotolo Joseph Lister wa ku Glasgow atawerenga zimenezi anaganiza kuti mafinya a pa bala ndi chimodzimodzi. Mu 1865 anayamba kutsuka mabala ndi mankhwala a kaboliki, kenaka zitsulo ndi manja omwe, ndipo anthu amene kale akadadulidwa miyendo anayamba kupola.

Panatsala kutsimikiza kuti nthenda yakutiyakuti ibwera ndi kachirombo kakutikakuti. Anachita zimenezi ndi Robert Koch, dotolo wa kumudzi ku Wollstein, m'dziko la Germany la nthawi imeneyo. M'dera lache munali nthenda ya anthrax, imene imapha ng'ombe ndi nkhosa mwadzidzidzi, magazi akuda nkumatuluka m'mphuno ndi kumbuyo. Koch anaigwira nkhaniyi monga muchitira mlandu pa bwalo, pamene simumanga munthu chifukwa chakuti anangopezeka pafupi ndi munda umene mwabedwa. Anapeza tizirombo tonga timitengo m'magazi a nyama zakufa. Anatiweta patokha kunja kwa nyama, m'madzi a m'diso la ng'ombe, mibadwo ingapo. Anatibaya mbewa zabwinobwino, ndipo zinafa ndi nthenda yomweyo. Atazing'amba anapezamo tizirombo tomwe tija. Zimenezi anazilengeza mu 1876. Pa 24 Malichi 1882 ku Berlin anaonetsa kachirombo ka chifuwa chachikuru, ndipo mu 1884 ku Calcutta anapeza ka kolera m'dziwe limene anthu anali kumwa, kusamba ndi kuchapamo. Ka khate anali atakaona kale Dotolo Hansen wa ku Norway mu 1873.

Koch anaonanso kuti kachirombo ka anthrax kakasowa chakudya kamasanduka kambeu kolimba, kosaopa dzuwa kapena chilala, kamene kakhoza kugona m'dothi zaka makumi angapo. Apa ndi pamene panali chinsinsi cha mabusa ena amene alimi a ku France anali kuwatcha otembereredwa, chifukwa nkhosa zinali kufa zikadyako.

Mu Meyi 1881 Pasteur anayesa katemera wa anthrax pamaso pa anthu, pa munda wa ku Pouilly-le-Fort. Nkhosa 24 anazibaya tizirombo tofooketsedwa kawiri, pa 5 ndi pa 17 Meyi, ndipo zina 24 sanazibaye. Pa 31 Meyi zonse anazibaya tizirombo tamphamvu. Pa 2 Juni alimi, madotolo a ziweto ndi olemba nyuzi anasonkhana, ena atabwera kudzamseka. Anapeza nkhosa zosatemera ziri lambalamba, ndipo zotsala zinafa tsiku lomwelo. Zotemera zinali chiriri. Katemera amagwira nchito motero: thupi limaonetsedwa mdani wofooka kapena wakufa, nkuphunzira kumenyana naye asanabwere weniweni. Pa 6 Julaye 1885 Pasteur anayamba kubaya mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, amene analumidwa ndi galu wachiwewe, ndipo mnyamatayo sanadwale. Wolumidwa ndi galu atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, napite ku chipatala tsiku lomwelo, chifukwa chiwewe chikaonekera palibe mankhwala.

Za anthrax alimi musaziyese za ku Ulaya kokha. Mu 2011 mvuu zambiri zinafa mu mtsinje wa Luangwa, ndipo anthu a ku Chama amene anatola nyama yache anadwala mazanamazana, ena nkufa. Nyama yofa yokha mwadzidzidzi isasendedwe. Mukaing'amba, magazi ache amadetsa dothi kwa zaka zambiri. Uzani alangizi a ziweto, ndipo itenthedwe kapena ikwiriridwe m'dzenje lakuya, kutali ndi madzi. Tidziwa kuti nkobvuta kukwirira ng'ombe yonenepa anthu ali ndi nkhuli, ndipo apa ndi pamene mau a mfumu afunika.

Udzudzu ndi kashembe

Tizirombo tina sitiyenda m'madzi kapena m'mpweya, koma timanyamulidwa ndi zouluka zoluma. Ka malungo anakaona m'magazi Dotolo Laveran ku Algeria mu 1880. Pa 20 Ogasiti 1897 ku India, Ronald Ross anakapeza m'mimba mwa udzudzu, ndipo chaka chotsatira anzeru a ku Italy anatsimikiza kuti wonyamula malungo a anthu ndi udzudzu wa mtundu wa anofelesi. Madambo aja analidi ndi mlandu, koma chifukwa chakuti ndimo muswera udzudzu. Likodzo nalo linadziwika kuti ndi nyongolotsi zazing'ono mu 1851, ndipo mu 1915 zinatsimikizika kuti zimakulira m'nkhono za m'madzi.

Nkhani ya kashembe ndiyo itikhudza pafupi. Aweta ng'ombe a mu Africa anali kudziwa kalekale kuti ng'ombe zikalowa m'dziko la kashembe zimaonda nkufa, ndipo anali kudutsa malo otere usiku. Livingstone anamva zimenezi kwa iwo nazilemba, koma anayesa kuti ntchentcheyo iri ndi ululu ngati wa njoka. Mu 1894 Dotolo David Bruce ndi mkazi wache Mary, amene anali katswiri pa maikulosikopu, anapita pa phiri la Ubombo ku dziko la Azulu kukafufuza nthenda ya ng'ombe imene Azulu aitcha nagana. M'magazi a ng'ombe zodwala anapeza kachirombo kokhala ndi kamchira, koyenda mopsepseza. Azulu ena anali kunena kuti ng'ombe zidwala podya msipu umene padya nyama za m'tchire. Bruce anatenga akavalo abwino, natsikira nao ku chigwa cha kashembe maora owerengeka, osawalola kudya kapena kumwa kanthu kumeneko. Anadwala. Kenaka anagwira akashembe ku chigwa, nakwera nao pa phiri kuti alume akavalo amene sanatsikeko. Anadwalanso. Potsiriza anabaya agaru magazi a njati, nyumbu ndi ngoma zooneka zathanzi, ndipo agaru ena anadwala. Choncho Azulu anali ataona mbali ina ya choona. Nyama za m'tchire zimasunga kachiromboka koma izo osadwala, ndipo kashembe ndiye amakatenga nkukapatsira ng'ombe.

Kaodzera wa anthu ndi mbale wache wa nthenda imeneyi. Mtundu wa kuno kwathu, umene umapha msanga pa miyezi yochepa, unadziwika mu 1910 m'magazi a munthu amene anautenga ku chigwa cha Luangwa. Madotolo awiri, Kinghorn ndi Yorke, anakhala m'chigwa chomwecho mu 1911 ndi 1912, natsimikiza kuti wonyamula ndi kashembe wa m'thengo wamba, osati wa m'mbali mwa madzi yekha monga zinaliri ku Uganda. Bruce ndi mkazi wache anabwera ku Nyasaland, namanga msasa pa phiri la Kasu m'chigawo chapakati, nakhala kufikira 1914. Malangizo ache anali akuti nyama za m'tchire ziphedwe m'dziko lonse la kashembe. Pamenepa ife tiona kuti anapitirira muyeso, ndipo anzache ambiri anamtsutsa nthawi yomweyo. Kashembe akasowa njati amaluma ng'ombe, nguluwe ndi anthu. Pambuyo pache anthu anapeza njira ya misampha ya nsaru zakuda ndi zobiriwira ngati thambo zopakidwa mankhwala, zimene kashembe amazitsata. Inu a kufupi ndi nkhalango za Vwaza, Nkhotakota, Kasungu ndi Luangwa, munthu akamamva mutu ndi kutentha thupi koma mankhwala a malungo osamthandiza, muuzeni dotolo kuti analumidwa ndi kashembe, kuti ayese magazi msanga asanayambe kuodzera.

Tochepa koposa

Alimi a fodya mudziwa nthenda imene imachititsa masamba kukhala mawangamawanga ndi kukwinyika. Mu 1892 Dmitri Ivanovsky wa ku Russia anafinya masamba otere, nasefa madzi ache m'sefa ya dothi lootcha imene mabakiteriya sangapyole. Madzi osefedwawo anadwalitsabe fodya wabwino. Mu 1898 Martinus Beijerinck wa ku Holland anabwereza zimenezi, nanena kuti ichi ndi chinthu cha mtundu wina, nachitcha vairasi. Chaka chomwecho kunadziwika kuti nthenda ya zironda za m'kamwa ndi m'mapazi ya ng'ombe iri m'gulu lomweli. Mavairasi saoneka pa maikulosikopu wamba, ndipo a fodya anaoneka mu 1939, atapangidwa makina ena amphamvu. Satha kuswana paokha. Amalowa m'kati mwa tizigawo ta thupi la munthu, la nyama kapena la mbeu, nkumaswana m'menemo. Chikuku, poliyo, chiwewe, fuluwenza imene inapha anthu ambiri kuno mu 1918 ndi 1919, HIV imene inadziwika mu 1983, ndi Covid ya 2020, zonsezi ndi mavairasi.

Nthomba nayo ndi vairasi, ndipo anthu anaidziwira chochita asanadziwe gwero lache. M'maiko ena a mu Africa ndi ku Asia makolo anali kutenga mafinya pang'ono a wodwala nkutemera wabwino, kuti adwale pang'ono ndi kutetezeka. Anthu a ku Boston ku America anamva za njirayi kwa kapolo wochokera ku Africa, wotchedwa Onesimus, naiyesa pa mliri wa 1721. Inali yoopsa, pakuti ena anali kufa nayo. Mu 1796 Edward Jenner wa ku England anayesa mafinya a nthomba ya ng'ombe, imene siipha munthu, pa mnyamata wa zaka 8, ndipo anatetezeka. Katemera ameneyu ndiye anasiya chipsera pa mikono ya achikulire ambiri amene muli kumvera. Munthu wotsiriza kuitenga nthomba m'njira ya chibadwa anali wa ku Somalia mu 1977, ndipo mu 1980 kunalengezedwa kuti yatha pa dziko lonse. Mliri wa ng'ombe wa rinderpest, umene unasesa ng'ombe ndi njati za kuno m'zaka za m'ma 1890, unalengezedwa kuti watha mu 2011. Matenda awiri onsewa anatha ndi katemera wofika m'mudzi uli wonse, ndipo m'midzi yambiri amene anali kuitanitsa anthu ndi ziweto zao anali mafumu.

Chuku cha Fleming

Kudziwa kachirombo nkwina, kukapha m'kati mwa thupi osapha mwini thupi nkwinanso. Mu Sepitembala 1928 ku London, Alexander Fleming anapeza kuti mbale ina imene anali kuweteramo mabakiteriya yachita chuku, ndipo kuzungulira chukucho mabakiteriya anali atafa. Mankhwala otuluka m'chukumo anawatcha penisilini. Iye analephera kuwapanga ambiri, ndipo nchitoyo anaitsiriza Howard Florey ndi Ernst Chain ndi anzao ku Oxford mu 1940 ndi 1941. Mu 1943 ku America anapeza mankhwala oyamba a chifuwa chachikuru m'tizirombo ta m'dothi. Chibayo, chindoko ndi mabala oola, zimene zinali kupha anthu osawerengeka, zinayamba kuchizika.

Mu 1945, polandira mphotho ya Nobel, Fleming anachenjeza kuti munthu akamwa mankhwalawa operewera, tizirombo timene tapulumuka timazolowera, ndipo akapatsira mnzache mankhwalawo sagwiranso nchito. Zimene anaopa zachitika m'maiko onse. Kachirombo ka chifuwa chachikuru kamaswana pang'onopang'ono, pafupifupi kamodzi pa tsiku, ndipo mankhwala amakapha bwino pamene kali kuswana. Chifukwa chache wodwala amapatsidwa a miyezi 6. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri amamva bwino, nkuyamba kudya ndi kulima. Akalekera pamenepo, tamakani totsala timaswananso, ndipo chifuwa chachiwiricho chimafuna mankhwala ena obvuta, amene ana a m'nyumba mwache adzafunanso akatengera. Nyakwawa amene adziwa kuti wakutiwakuti ali pa mankhwala a chifuwa achita bwino kumfunsa za iwo pamene akomana naye.

Ndiponso penisilini ndi anzache amapha mabakiteriya okha, sakhudza mavairasi. Makapisozi awiri ogula pa msika sachiza chimfine. Sachizanso chitopa, ngakhale ambiri amawasungunula m'madzi a nkhuku nthendayo ikalowa m'mudzi. Chitopa ndi vairasi, chinadziwika mu 1926, ndipo nkhuku ikadwala palibe mankhwala oichiza. Chiripo ndi katemera wodonthezera m'diso, dontho limodzi pa nkhuku iri yonse miyezi inai iri yonse, nthenda isanafike. Amagwira bwino pamene mudzi wonse watemera mlungu umodzi, ndipo nkhuku yogula ku msika kapena yolandira ngati mphatso ikhale payokha milungu iwiri isanasakanizidwe ndi zinzache. Tsiku lotemera mupangane ndi alangizi a ziweto a kwanuko.